Zenera losaima lokha lifuna cikhomo, osati msomali

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa makolo m'kalasi, kapena pa mzera wa odwala pa kiliniki ya kumudzi m'mwezi wa Okutobala, adziwa cimene tifuna kukamba lero. Dzuwa la ku Nyimba likafika paliwombo malata ayamba kuthetheka, thukuta litsika m'khosi, ndipo wina kumbuyo afuula kuti, "Tsegulani mazenera, anthuni!" Mnyamata anyamuka, akankha zenera, koma pongocotsa dzanja zenera libwerera pomwe linali. Ayesanso kaciwiri. Kacitatu ayang'ana uku ndi uku kufuna cocirikizira, kaya njerwa yoduka, kaya botolo, kaya dasita ya aphunzitsi. Zikasowa izi angokhala pansi, msonkhano n'kupitirira, anthu onse akupuma mpweya umene anzawo atulutsa kale.

Ena mwa inu awerengi mudzati nkhaniyi njacibwana, pamene anthu ali kudandaula za fetereza, za mtengo wa cimanga ndi za misewu. Sitikana kuti izo n'zazikulu. Koma ife tiona kuti zenera limene silingakhale lotseguka palokha silisiyana ndi cipupa, ngakhale kuti linadya ndalama zambiri kuposa njerwa. Ndipo cimene cisowa pa mazenera ambiri a m'masukulu, m'makiliniki, m'machalichi ndi m'maofesi a ku Petauke ndi ku Nyimba si cinthu cofuna nduna kucokera ku Lusaka ai. Ndi kacingwe, kacikhomo, kapena kacitsulo kotalika ngati mkono wa mwana. Mtengo wake nthawi zambiri sufika ngakhale pa nkhuku imodzi. Kasowa cabe cifukwa palibe amene aona kuti ndi nchito yake kukabwezerapo.

Tiyambe ndi mazenera akale kwambiri, aja amatabwa amene satsegukira kunja koma akwera ndi kutsika. Azungu amawacha sash. Kuno kwathu ndi ocepa tsopano, mungawapeze apa ndi apo m'nyumba zina za makedzana, ndipo acinyamata ambiri sanawagwirepo n'komwe. Zenera lotere lili ndi zigawo ziwiri, capansi ndi capamwamba, ciliconse ciyenda m'mpata wakewake. Cinsinsi cake cili m'kati mwa felemu, momwe maso saona. Kumbali zonse ziwiri felemu ili ndi mphako ngati bokosi lalitali, ndipo m'mphakomo mulendewera citsulo colemera, nthawi zina mtovu. Cingwe cicokera pa citsuloco, cikwera, cizungulira pa kagudumu pamwamba, ndi kutsika kukamangika pa cigawo ca zenera. Zitsulo ziwirizo pamodzi zilemera pafupifupi cimodzimodzi ndi cigawoco. Tsono mukakweza zenera zitsulo zitsika, mukalitsitsa zitsulo zikwera, ndipo paliponse pamene mwalisiya liima pomwepo, monga momwe sikelo ya pamsika iima mbali zonse zikalingana. Mwana wa Giredi 1 angalikweze ndi zala ziwiri.

Nzeru imeneyi inayamba ku England ca m'ma 1670, ndipo inafalikira kulikonse kumene anthu a dzikolo anakamanga nyumba. Koma cimene ambiri sadziwa ndi cakuti mazenera okwera ndi kutsika analipo zitsulozo zisanabwere, ndiponso ngakhale pambuyo pake amisiri anapitiriza kupanga ochipa opanda mphako, opanda cingwe, opanda kagudumu. Awa amawaimika ndi zikhomo kapena ndi timatabwa totembenuka. Conco munthu akaimika zenera lake ndi cikhomo asacite manyazi kuti ndi umphawi, popeza ndiyo njira yoyambirira. Coopsa ndi kuliimika ndi cinthu coterereka. Anthu a ku France anapatsa zenera limeneli dzina la guillotine, mpeni uja wogwa kucokera pamwamba umene anali kudulira anthu mitu. Sanalakwe. Cigawo ca thabwa louma la mlombwa cokhala ndi magalasi ake n'colemera ndithu, ndipo botolo likaterereka cigwa mosacenjeza, pa zala kapena pa khosi la mwana amene anasuzumira kunja.

Nanga kukonza kwake n'kotani? Coyamba, musathamangire kunena kuti zitsulo zinabedwa kale. Kawirikawiri cimene cinatha ndi cingwe cabe. Cinawola, cinaduka, citsulo cinagwera pansi m'mphako, ndipo cili momwemo mpaka lero, kaya papita zaka 40. Kumunsi kwa felemu, mbali ya m'kati, kumakhala kathabwa kocotseka kamene amisiri anasiya dala kuti pakhale polowetsera dzanja. Penti ya zaka zambiri inakaphimba, koma kalipentala woleza mtima akapala pang'ono akapeza. Acotsa kathabwako, atulutsa citsulo, apisa cingwe catsopano pa kagudumu, amanga, adontheza mafuta pang'ono, basi zenera lauka. Cingwe cikhale coluka bwino ndi cosatamuka. Zingwe zapulasitiki zija timangira katundu pa njinga sizikhalitsa, zitamuka ndipo zifumbwa msanga. Ngati citsulo cinasowadi, apime kulemera kwa cigawoco pa sikelo, agawe pawiri, ndipo owocherera zitsulo adule zidutswa ziwiri zolemera motero, zoonda bwino kuti ziyende m'mphako osakodwa.

Pamene felemu ilibe mphako, kapena ciswe cinadya m'kati mwakuti simungapacikenso kanthu, njira ndi cikhomo. Kalipentala aboole timabowo m'mbali mwa felemu, m'mpata momwe zenera liyenda, motalikirana ngati cikhatho cimodzi kapena ziwiri. Mukakweza zenera mulowetsa cikhomo pa bowo limene mufuna, zenera ndi kukhala pamenepo. Apa pali mfundo ziwiri zimene anthu anyozera. Zikhomo zikhale ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Zenera locirikizidwa mbali imodzi lipendekeka, mfundo za matabwa zimasuka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mupeza galasi lang'aluka lokha popanda wolimenya, ana osalakwa ndi kukwapulidwa. Mfundo ina, cikhomo cimangiridwe pa felemu ndi kacingwe kapena katcheni. Cikhomo congosiyidwa pa zenera sicigona masiku atatu pasukulu. Ena akonda kamtengo kosema mano ngati makwerero, kamene akhomera pa felemu ndi sikuluwu imodzi kuti kazitembenuka. Nakonso nkabwino, cifukwa sikangacoke ndipo kapatsa munthu mwai wosankha kukula kwa mpata. Cimene tikana ndi njerwa, botolo, buku la nyimbo ndi nsapato.

Tsono pali cigawo capamwamba, ndipo apa ndipo pagona nkhani yeniyeni. Cingwe cikaduka, cigawo capansi cikana kukhala kumwamba, koma capamwamba cikana kukhala cotseka, cingotsetsereka cokha. Mwini nyumba akatopa naco atenga misomali iwiri ndi kucikhomerera, opaka penti ndi kudzamaliza nchito. Kucokera tsiku limenelo zenera lataya theka la nzeru yake. Mpweya wotentha ukwera m'mwamba, izi aliyense amene anaonapo utsi m'khichini adziwa. Amene anapanga zenerali anafuna kuti mutsitse capamwamba pang'ono ndi kukweza capansi pang'ono, kuti mpweya wotentha ndi wogwiritsidwa kale nchito utulukire pamwamba, wozizira ndi kulowera pansi, ngakhale tsiku limene kunja kulibe kamphepo konse. Mukakhomera capamwamba, mpweya woipawo usonkhana pansi pa denga ndi kubwerera pa mitu ya anthu. Mankhwala ake ndi cikhomo comweco. Zulani misomali, boolani mabowo awiri kapena atatu m'mpata wa cigawo capamwamba, limodzi locigwira cotseka, ena ocigwira citatsika pang'ono.

Tidziwa kuti ambiri a inu mulibe mazenera otere. Amene adzaza m'masukulu ndi m'nyumba za aphunzitsi kucokera ku Kacholola mpaka ku Sinda ndi aja acitsulo otsegukira kunja. Koma matenda ake ndi amodzimodzi. Zenera lacitsulo libwera ndi kamkono kokhala ndi mabowo, ndi kacikhomo pa felemu pokolekapo kamkonoko. Kamkono kakathyoka kapena sikuluwu ikamasuka, zenera lisanduka cidole ca mphepo. Mphepo ya mu Ogasiti ndi Sepitembala ilimenyetsa uku ndi uku mpaka galasi liphwanyika. Akatopa kugula magalasi, aphunzitsi aakulu alamula kuti mazenera onse amangidwe ndi waya kapena ndi malegeni, ndipo sitingawadzudzule kwambiri, popeza galasi ligulidwa ku tauni ndi kunyamulidwa pa basi mwamantha. Koma taonani kupusa kwa masamu athu. Tigula galasi kawiri kapena katatu, tigulanso putty, tilipira woika, koma kamkono kamene owocherera zitsulo a pamsika wa Petauke angapange ndi kacidutswa ka citsulo cophwatalala pa mphindi zocepa sitikaganizira. Mazenera a magalasi opingasa, aja timati maluva, naonso ali ndi vuto lao: cogwirira cicita dzimbiri, ndipo zenera liuma lili cotseka. Kadontho ka oilo kamodzi pa temu kakanaletsa zimenezi.

Kodi mpweyawo ndi wofunika motani kuti tiutayire tsamba lonse? Tiyeni timve kwa amene anayeza. M'caka ca 2007 madokotala ena, motsogozedwa ndi Dr Roderick Escombe, anafalitsa zimene anapeza m'zipatala 8 za mumzinda wa Lima ku Peru. Anali kuyeza kuti mpweya wa m'cipinda usinthika kangati pa ola limodzi. Anapeza kuti pongotsegula mazenera ndi zitseko, mpweya unali kusinthika pafupifupi ka 28 pa ola, kuposa kowirikiza ka 18 poyerekeza ndi pamene zonse zili zotseka. Zipinda zodula za makina okoka mpweya zinapangidwa kuti zizisintha ka 12 cabe. Codabwitsa cina ndi ici: zipatala zakale zomangidwa caka ca 1950 cisanafike, za madenga aatali ndi mazenera aakulu, zinafika ka 40 pa ola, pamene zatsopano zinafika ka 17. Patapita zaka ziwiri, mu 2009, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ake a kagwiritsidwe nchito ka mpweya wacilengedwe m'zipatala, ndi kunena kuti m'mawodi wamba ndi pamalo oonera odwala oyendera payenera kulowa malita 60 a mpweya pa sekondi iliyonse kwa wodwala aliyense. Ndi zenera lomangidwa ndi waya, malita amenewo adzera kuti?

Ife a m'Zambia tili ndi cifukwa comvetsera. Kalembera wa cifuwa cacikulu ca TB amene anacitika m'dziko muno mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti mwa akuluakulu 100,000 alionse, 638 anali ndi matendawa motsimikizika. Kacilombo ka TB sikayenda pa mbale kapena pa moni wa m'manja. Kayandama mumpweya wodwala akatsokomola, ndipo m'cipinda cotseka kangakhale momwemo kwa maola. Amai amene abwera ku sikelo ndi khanda, ndi agogo amene abwera kudzatenga mankhwala a BP, akhala pa mzera umodzi ndi munthu amene sanadziwebe kuti cifuwa cake n'ciani. M'caka ca 2020, matenda a Covid-19 atafika, wailesi inalalikira usiku ndi usana kuti tizitsegula mazenera. Tinagula ndowa zokhala ndi mpopi, tinasoka zophimba kukamwa, koma ndi malo angati amene anaitana kalipentala kudzamasula mazenera? Ndowazo zinasweka kale, pamene cikhomo cikanakhalapo mpaka lero.

M'masukulu nkhani inakula kuyambira mu Januwale 2022 pamene boma linayamba maphunziro aulere. Ana oposa 2 miliyoni anawonjezeka m'masukulu a dziko lino, ndipo caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Tiyamika, cifukwa ana amene anali kuweta mbuzi tsopano agwira pensulo. Koma cipinda ca kalasi sicinatambasuke. Momwe munali kukhala ana 40 tsopano mupanikizana ocuruka kuposa apo, ndipo aliyense ali ndi mapapo ake ofuna mpweya. Aphunzitsi adandaula kuti ikakwana 11 koloko ana ayamba kuodzera, ndipo tithamangira kunena kuti ndi njala kapena ulesi. Njala ilipo, sitikana. Koma munthu wamkulu wokhuta bwino, mumuike m'cipinda ca malata cotseka pamodzi ndi anthu ena 70, muone ngati masamu angalowe. Nafenso amene timaima kutsogolo m'machalichi tiyenera kuganizirapo tisanadzudzule akhristu ogona pa ulaliki. Buku la Nchito za Atumwi lisimba za mnyamata Yutiko wa ku Troasi, amene anagona tulo Paulo Woyera atatalikitsa mau m'cipinda capamwamba modzaza nyale zoyaka, mpaka anagwa kucokera pazenera. Ngakhale mlaliki wamkulu ngati ameneyo anagonja kwa cipinda cotentha.

Amene anamanga kale kuno anadziwa kuti alibe comwe angadalire koma mphepo. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Nyanje mu 1905, ndi pambuyo pake ku Hofmeyr ndi ku Merwe, ndiponso Abambo Oyera atakhazikika ku Minga m'zaka za m'ma 1920, kunalibe magetsi, kunalibe fani. Omanga a nthawi imeneyo, kaya a mishoni kaya a Boma, anali kukweza denga, kunenepetsa cipupa, kuika khonde loteteza dzuwa, ndi kuyang'anitsa mazenera mbali ziwiri kuti mphepo ilowe uku ndi kutulukira uko. Makolo athu naonso anali ndi nzeru yao: denga la udzu lipuma lokha, ndipo mpata wa pakati pa cipupa ndi denga unali kucita nchito ya zenera. Ife a masiku ano tinatsitsa denga kuti tisunge njerwa, tinaika malata, tinacepetsa mazenera, ndi kunena mumtima kuti tidzagula fani. Caka ca 2024 cinationetsa malire a maganizo amenewa. Cilala citakula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, ndipo pofika mu Sepitembala magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposa pa tsiku, m'nyengo yeniyeni yotentha. Mafani anangoti duu kudenga. Amene anapuma bwino ndi okhawo amene mazenera ao anali kutseguka.

Tsopano timve otsutsa, pakuti ali ndi mfundo. Woyamba ati zenera lotseguka liitana udzudzu, ndipo malungo kuno kum'mawa, makamaka kumunsi kwa cigwa ca Luangwa, si nthabwala. Zoona. Koma udzudzu wa malungo uluma makamaka kuyambira madzulo mpaka mbandakuca, pamene sukulu, kiliniki ya oyendera ndi mapemphero a Lamulungu zicitika dzuwa lili pamwamba. Kumalo ogona anthu, monga m'mawodi ndi m'nyumba zogona ana asukulu, yankho ndi sefa ya waya pa zenera pamodzi ndi neti pa bedi, osati kutseka mpweya. Ndipo zenera lokwera ndi kutsika lili ndi ubwino apa, cifukwa silitulukira kunja, conco sefa ikhomedwa kunja kwake mosavuta, yosasokoneza kutsegula.

Waciwiri ati nanga akuba? Naye sananame. Koma cikhomo comwe cija ndico loko wabwino. Mukaboola bowo pamwamba pa cigawo capansi, motalika ngati zala zinai, ndi kulowetsa cikhomo cacitsulo, zenera litseguka mpata wolowa mphepo koma wakunja sangalikweze kupitirira apo. Pa mazenera acitsulo, ambiri ali kale ndi mabagala, tsono cifukwa ca akuba sicigwira. Wacitatu ati fumbi ndi mphepo ya mu Juni. Apa ndi pomwe zenera la mabowo angapo liposa lija longodziwa kutseka kotheratu kapena kutseguka kotheratu, cifukwa mungasiye kampata kakang'ono pamwamba pokha, mphepo yosaomba munthu pacifuwa. Kampata kameneka m'nyengo yozizira kangakhale kusiyana kwa moyo ndi imfa m'nyumba momwe anthu alowetsa mbaula. Makala oyaka atulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo caka ndi caka timva za mabanja opezeka ali cigonere m'cipinda cotseka. Mbaula isagone m'nyumba ai, koma ngakhale pa nthawi yoothera, pakhale potulukira mpweya.

Pali mcitidwe wina umene watidetsa nkhawa. Nyumba yakale ikapatsidwa ndalama zokonzera, cinthu coyamba kugwetsedwa ndi mazenera. Abwera akontilakita, agumula mafelemu a mlombwa amene anapirira ciswe ndi mvula kwa mibadwo iwiri, ndi kuikapo aluminiyamu yotsetsereka cam'mbali ya magalasi akuda. Pa cithunzi ca tsiku lotsegulira zioneka bwino. Koma zenera lotsetsereka cam'mbali silingatseguke kuposa theka, cifukwa galasi limodzi libisala kumbuyo kwa linzake, ndipo lilibe potulutsira mpweya wa pamwamba pokha. Timagudumu take tikadzala fumbi ndi kusweka, kalipentala wa m'mudzi alibe cocita nalo, mpaka muitane munthu wa ku Chipata kapena ku Lusaka. Zenera lathabwa lingadulidwe pamene pawola ndi kuikidwa cigamba. Lacitsulo lingawocheredwe pamsika. Tisanagumule, tiyenera kufunsa ngati cinthuco cafa kapena cangosowa cingwe.

Ndalama ziliko. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Taona makalasi atsopano, madesiki, nyumba za amai oyembekezera. Vuto ndi lakuti anthufe, ndi atsogoleri athu omwe, tikonda cinthu cimene cingadulidwe riboni. Palibe khansala amene adzaitana ng'oma ndi azimai ovina cifukwa ca timikono 60 ta mazenera. Tsono pa misonkhano ya makomiti a citukuko a m'mawadi, pomwe mapulojekiti ayambira, pafunika munthu mmodzi wouma mutu amene adzati, "Tisanapemphe buloko yatsopano, tiwerenge mazenera a buloko yakale." Ndiponso kalasi yatsopano ikamalizidwa, komiti isasaine kuti yalandira isanayende zenera ndi zenera, kulitsegula, kulisiya, ndi kuona ngati liima. Timayesa citseko ndi loko wake, timayang'ana ngati denga lidontha, koma mazenera timangowerenga magalasi.

Komabe tisakankhire zonse ku CDF, cifukwa nchito yambiri ili m'manja mwathu ndipo siifuna fomu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, bungwe la parishi ndi miphakati, onsewa amasonkhetsa ndalama za zinthu zina zodula kuposa izi. Tipempha kuti pa malo alionse osonkhanira anthu pasankhidwe munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene nchito yake ndi mazenera, monga momwe tisankhira wosunga makiyi kapena woliza belu. Akhale ndi kabotolo ka oilo, sikuludiraiva, ndi kabuku kolembamo zenera limene ladwala. Zimene zamukanika azipereke kwa mmisiri. Amisiri tili nao, ena anaphunzira ukalipentala ndi kuwocherera ku sukulu za nchito zamanja za ku Ukwimi ndi ku Chipata, ndipo ambiri angokhala pamsika kudikira wofuna citseko. Sukulu zitatu kapena zinai za m'zoni imodzi zikagwirizana ndi kupatsa mnyamata mmodzi oda ya timikono tonse pamodzi, mtengo utsika, ndalama ndi kutsala m'boma lathu lomwe lino. Aphunzitsi a nchito zamanja angacite bwinonso kutenga ana kukayeza, kuboola ndi kusema zikhomo za kalasi yao, m'malo mosema mipini ndi zipande caka ciliconse. Mwana amene anasema cikhomo yekha sakhala woyamba kucitaya.

Kwa inu eni nyumba za lendi m'makomboni a Petauke ndi Nyimba, mau athu ndi omwewo. Mlendi sakonza zenera la mwini wake, amangolimanga ndi waya ndi kupirira, ndipo pocoka musiyirana mlandu wa galasi losweka. Kamkono mukadaika kale mlanduwo sukanabuka.

Nthawi yabwino ya nchitoyi ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Matabwa amakhala atauma ku cinyezi ca mvula, conco zenera limene linatupa ndi kukana kuyenda mu Febuluwale limamasuka, ndipo kalipentala sapala mopitirira muyeso. Anthu amakhalanso ndi kangacepe m'thumba atagulitsa nshawa ndi cimanga. Mphepo ya Ogasiti isanayambe timikono tikhale titakhomedwa, ndipo kutentha kwa Okutobala kukamafika, pamene ana a mayeso akhala m'kalasi maola atatu osatuluka, zigawo zapamwamba zikhale zitazulidwa misomali. Wopaka penti mumuuze asanayambe kuti m'mpata moyenda zenera, pa kagudumu ndi pa cingwe sapakapo, ndipo penti isanaumiretu azilikweza ndi kulitsitsa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu.